Ndani Mungamtume? Mbiri ya Phunziro la Unzika ku Katete

Aphunzitsi ndi ana a sukulu, lero tikambirana za phunziro limene makolo anu analidziwa ndi dzina lakuti Civics, ndipo ku pulaimale limakhala m'kati mwa Social Studies. M'chinenero chathu tingalitche phunziro la unzika, pakuti limafotokoza za m'mene dziko lilamulidwira, za ufulu umene munthu ali nawo, ndi za udindo wake kwa anzake. Mwa maphunziro onse a pa sukulu, ili ndilo lovuta kuliyesa. Mwana akadziwa masamu, mumaona pa pepala pomwepo. Koma mwana akhoza kulemba bwino lomwe kuti boma lili ndi nthambi zitatu, napambana mayeso, chikhalirecho osadziwa kumene anthu a m'mudzi mwake angakadandaule mjigo ukawonongeka. Kuno ku Katete, ku Sinda ndi ku Vubwi, njira zophunzitsira unzika zasintha kangapo pa zaka zoposa 120, ndipo njira iliyonse inabala ana a mtundu wake. Tiyeni tizitsate m'mene zinabwerera.

Sukulu isanadze, unzika unkaphunziridwa pa bwalo. Mlandu wa mbuzi zimene zadya m'munda wa mwini ukafika kwa nyakwawa, ana okulirapo ankakhala pansi chapatali, namva zonse. Ankaona wodandaula akulankhula mpaka kumaliza popanda womdula mawu, kenaka woimbidwa mlandu, kenaka mboni. Ankaona nkhoswe ikuimira mbale wake, ndi akulu akufunsa mafunso ozungulira kuti bodza lidziulule lokha. Ankaonanso kuti mwini mudzi ndiye amalankhula potsiriza, ndipo kawirikawiri mawu ake ankangomanga mtolo wa zimene akulu agwirizana kale. Njira ya mlandu, kuchokera kwa nkhoswe kufika kwa nyakwawa, ndi kuchokera kwa nyakwawa kufika kwa mafumu monga Kawaza, Mbang'ombe, Kathumba ndi Pembamoyo, mwana ankaidziwa asanaonepo bolodi. Ku chinamwali ndi ku dambwe, anamkungwi ankapereka mwambo ndi nyimbo, ndi gule, ndi miyambi, kotero kuti thupi lonse linkaphunzira, osati makutu okha.

Tisaukometse kwambiri moyo umenewo. Munali mantha ambiri, munali chikoti, ndipo mwana wofunsa kuti "chifukwa ninji?" ankatchedwa wamwano. Koma munali njira imodzi imene muyenera kuisunga m'mutu mpaka kumapeto kwa nkhaniyi, ndiyo kutuma. Mwana ankayamba ndi kukapala moto kwa anansi. Akakula pang'ono ankasiyiridwa khanda, kapena kulonda mbalame m'munda. Akaonetsa kuti ndi wokhulupirika, ankatumidwa kumudzi wina ndi uthenga wa maliro, uthenga umene sufuna kuwonjezera kapena kuchotsa liwu. Ntchito inkakula pamodzi ndi mwanayo, ndipo mudzi wonse unkadziwa kuti uje ndi wotumika, uje ndi wosatumika.

Amishoni a Dutch Reformed Church anatsegula Magwero m'chaka cha 1899, Madzimoyo mu 1903, Nyanje mu 1905 ndi Nsadzu mu 1908. Akatolika anayamba ku Kachebere mu 1903, ndipo pambuyo pake anafika ku Chassa ndi ku Vubwi. Kuchokera ku mishoni zimenezi kunkatuluka aphunzitsi a m'midzi, amene anali alaliki omwe. Njira yawo inali ya katekisimu: mphunzitsi afunsa, ana onse ayankha pamodzi, liwu ndi liwu monga lalembedwera. Njirayi inali ndi ubwino umodzi waukulu, wakuti zonse zinkachitika m'chinenero chimene ana ankamva, ndipo ambiri anadziwa kuwerenga Baibulo ndi makalata a abale awo amene anapita kukagwira ntchito ku Southern Rhodesia. Koma mishoni ndi Nyau sizinkamwerana madzi, ndipo mnyamata wa Chichewa ankakakamizika kusankha pakati pa sukulu ndi dambwe. Kuyambira pamenepo, zimene mudzi unkaphunzitsa za kukhala ndi anthu zinatsala kunja kwa chitseko cha kalasi. M'katimo, unzika wa masiku a atsamunda unali waufupi: mvera Boma, pereka msonkho, dziwa dzina la Mfumu ya ku England, ndipo pa 24 May kondwerera Empire Day.

Mu 1924, chaka chimene boma la Britain linatenga dziko lino m'manja mwa British South Africa Company, kunabwera bungwe la Phelps-Stokes kudzaona sukulu. Linadandaula kuti ana akungoloweza, ndipo linalangiza kuti maphunziro agwirizane ndi moyo wa kumudzi. Chaka chotsatira G. C. Latham anaikidwa kuyang'anira maphunziro a anthu akuda, ndipo pambuyo pake kunatsegulidwa sukulu ya Jeanes ku Mazabuka, imene inasamukira ku Chalimbana mu 1939. Aphunzitsi a Jeanes ankayendera sukulu za m'midzi, kuonetsa kakumbidwe ka chimbudzi, kasamalidwe ka chitsime ndi kalimidwe ka dimba. Kumeneko kunali kuphunzira mwa kuchita, koma makolo ambiri anakuyang'ana ndi diso lokayika, poganiza kuti Mzungu akufuna mwana wawo athere pa khasu pamene ntchito za malipiro zinkafuna Chingerezi. Ndiponso funso lakuti ndani ayenera kulamula dziko silinali m'buku lililonse la sukulu. Limenelo anthu anakaliphunzira kwina, ku misonkhano ya Congress ndi pa nkhondo yokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chinakhala kuyambira 1953 mpaka 1963.

Ufulu utabwera pa 24 October 1964, Zambia inali ndi anthu pafupifupi 100 okha amene anamaliza yunivesite. Boma latsopano linamanga sukulu mofulumira, ndipo pofuna kugwirizanitsa mitundu yonse linasankha Chingerezi kukhala chinenero chophunzitsira kuyambira Giredi 1. Chosankhachi chinapangidwa mu 1965, nichikhazikika ndi lamulo la maphunziro la 1966. Cholinga chinali chabwino, pakuti mphunzitsi wa ku Mongu akanatha kutumizidwa ku Vubwi, ndipo mwana wa wapolisi akanatha kusamuka ndi atate wake osataya chaka. Koma taganizirani mwana wa zaka 7 amene wangosiya mbuzi kudambo, amene Chingerezi sanachimvepo ngakhale pa msika. Mphunzitsi akalankhula, iye alibe pogwira. Chimene angachite ndi chimodzi chokha, kubwereza mawuwo pamodzi ndi anzake mokweza. Motero njira ya katekisimu inabweranso, koma tsopano m'chinenero chachilendo. Wodutsa pa msewu ankamva kalasi yonse ikuyankha mwamphamvu, naganiza kuti maphunziro ali m'chimake. Mukadamtenga mwana mmodzi pambali ndi kumfunsa m'Chichewa tanthauzo la zimene wanenazo, akadangoyang'ana pansi.

Mayeso a Giredi 7 anawonjezera vutoli. Malo a Fomu 1 anali ochepa, ana ambiri ankatsala, ndipo mafunso anali osankha yankho limodzi mwa angapo. Mphunzitsi wofuna kuti ana ake asankhidwe ankawalembetsa manotsi ndi kuwalowezetsa mayina, zaka ndi maudindo. Sitingamdzudzule kwambiri, pakuti makolo ankayesa sukulu ndi chiwerengero cha ana opita ku sekondale. Zokaloweza nazo zinali ndi malire ake. Kuyambira 1967 ana ankaphunzira Humanism ya Pulezidenti Kenneth Kaunda, imene inkaika munthu pakati pa zonse, ndipo mawu ake ambiri akanamveka bwino kwa nkhalamba ya pa bwalo. Koma mu December 1972 dziko linakhala la chipani chimodzi cha UNIP. Pa chisankho cha pulezidenti munthu ankangovota Inde kapena Ayi, Inde ali ndi chizindikiro cha chiwombankhanga, ndipo pa zisankho zina Ayi anapatsidwa chule. M'nyengo yotere mphunzitsi wanzeru sankalola ana kutsutsana za boma m'kalasi. Mu 1975 sukulu zonse zinalamulidwa kukhala ndi minda ndi ziweto zopezera ndalama. Pamene ana ankaloledwa kuwerenga okha matumba a chimanga ndi kudziwa kumene ndalama zapita, panali phunziro lenileni la unzika. Pamene ankangolima osaona phindu, anaphunzira kuti wamkulu safunsidwa. Ndondomeko ya maphunziro ya 1977 inavomereza kuti mwana amaphunzira bwino m'chinenero chake, koma inasungabe Chingerezi, n'kungolola mphunzitsi kumasulira pamene pavuta.

M'zaka zomwezo, m'midzi ya kuno ku Katete, munachitika kafukufuku amene lero amawerengedwa m'mayunivesite a maiko ambiri, ngakhale kuti eni ake a nkhaniyo ambiri sanamvepo. Robert Serpell, mphunzitsi wa pa University of Zambia, anayamba ntchitoyi mu 1973. Iye anafuna kudziwa chimene Achewa amatanthauza akanena kuti mwana ali ndi nzeru. M'malo mofunsa funsolo mwachindunji, anapita kwa akuluakulu odziwa bwino ana a m'mudzimo, nawaikira zochitika za tsiku ndi tsiku, monga nyumba kugwira moto, kapena kupeza kuti pamalo poyanika zovala pali matope. Ndipo ankafunsa kuti, mwa ana awa, mungatume uti? Nanga chifukwa chake n'chiyani?

Mayankho a akuluwo anaonetsa kuti nzeru ili ndi mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi kuchenjera, ndiko kufulumira kwa mutu. Mbali yachiwiri ndi kutumikira, kumene kumaphatikiza kumvera ndi kukhulupirika. Kumvera kumene ankanena si kugonja kwa mantha, koma kumva chimene chikufunika ndi kuchichita ndi mtima wonse. Kuchenjera kopanda kutumikira akuluwo sankakuyamikira konse, ndipo inu nomwe mukudziwa kuti tikati "uja ndi wochenjera", nthawi zina tikuchenjeza mnzathu kuti asunge bwino chikwama chake. Kalulu wa m'nthano ndi wochenjera, koma palibe angamtume kukasunga nkhokwe. Serpell anayesanso anawo ndi mayeso ake, napeza kuti zotsatira za mayesowo sizinkagwirizana kwenikweni ndi m'mene akulu a m'mudzi ankawaonera. Anawatsata kwa zaka zoposa 10, ena atapitiriza sukulu, ambiri atasiya, ndipo zonse anazilemba m'buku lotchedwa The Significance of Schooling, limene linatuluka mu 1993. M'bukumo anafanizira sukulu ndi makwerero opita napapatiza, amene ochepa amafika pamwamba nachoka m'mudzi, pamene ambiri amatsika ali ndi maganizo akuti ndi olephera.

Taonani tsono pamene nkhaniyi ikhudzira phunziro lathu. Chimene akulu a ku Katete anachitcha kutumikira ndicho chimene phunziro la unzika lifuna kubala. Koma mayeso a pa pepala amayesa kuchenjera kokha, ndiponso kambali kochepa ka kuchenjerako, ndiko kukumbukira mawu. Mtsikana amene amaonetsetsa kuti ang'ono ake atatu adya ndi kusamba asanabwere ku sukulu angalandire 4 pa 10 pa mutu wa udindo wa nzika, pamene mnzake amene sanatungepo madzi alandira 9. Mphunzitsi ayenera kulemba zimene zili pa pepalapo, inde, koma asanyengeke kuti mamalikisiwo anena zonse za ana awiriwo.

Pano tipatuke pang'ono, tikambe za chiphunzitso chimene aphunzitsi ambiri anachimva ku koleji, chakuti mwana aliyense anabadwa ndi kaphunziridwe kake: wina wa maso, wina wa makutu, wina wa manja, ndipo kuti aliyense aziphunzitsidwa mwa njira yakeyo. Mu 1979 Serpell yemweyo anafalitsa zotsatira za kafukufuku wina. Anapatsa ana a ku Lusaka ndi ana a ku Manchester ku England zithunzi zofanana kuti azitsanzire. Popinda waya, ana a ku Zambia anapambana, pakuti ndiwo amapanga magalimoto a waya. Pojambula ndi pensulo pa pepala, ana a ku England anapambana. Poumba ndi dongo, magulu awiriwo anafanana. Chimene chinasiyanitsa anawo ndi zimene manja awo anazolowera. Ndipo mu 2008 Harold Pashler ndi anzake atatu, atasanthula kafukufuku wochuluka wa nkhaniyi, anapeza kuti panalibe umboni wokwanira wakuti kugawa ana m'magulu a maso, makutu ndi manja kumawonjezera zimene amaphunzira. Kusinthasintha njira m'kalasi n'kwabwino ndithu, koma chosankhitsa njira ndi mutu wa phunzirolo ndi zimene anawo akuzidziwa kale. Malire a boma la Vubwi ndi Malawi ndi Mozambique amafuna mapu, ndipo ana onse aone mapuwo. Kaweruzidwe ka mlandu kamafuna sewero, ndipo ana onse asewere. Mukamuuza mwana kuti "iwe ndiwe wa manja", mwamtsekera khomo la buku.

Pa 31 October 1991 dziko linabwerera ku zipani zambiri, ndipo Frederick Chiluba wa MMD anapambana. Chigawo cha Kum'mawa chokha chinapereka mipando yake yonse 19 kwa UNIP. Ana a ku Katete a chaka chimenecho anaona ndi maso awo chinthu chimene buku lawo silinawakonzekeretse: anthu a kwanu akhoza kuvotera mbali imene yagonja, dziko n'kukhalabe pa mtendere. Tsopano sukulu inafunika kuphunzitsa mwana kusankha, kufunsa ndi kutsutsa mwaulemu, ndipo zimenezi siziphunzirika m'chinenero chimene munthu sachimva. M'zaka za m'ma 1990 Eddie Williams anayesa kuwerenga kwa ana a pulaimale ku Zambia ndi ku Malawi, kumene zaka zinayi zoyamba zinkaphunzitsidwa m'Chichewa. Pa Chingerezi ana a maiko awiriwo sanasiyane kwenikweni, chingakhale a ku Zambia anachiyamba kale monga chinenero chophunzirira. Pa kuwerenga chinenero chawo, a ku Malawi anali patsogolo kwambiri. Ndondomeko ya 1996 yotchedwa Educating Our Future inalola kuti ana ayambe kuwerenga m'zinenero za m'dziko, ndipo kuyambira 2014 maphunziro a Giredi 1 mpaka 4 ankaperekedwa m'zinenerozo. Ngakhale apo panali mfundo, pakuti mwana wa kwa Nyanje amene kwawo amalankhula Chinsenga ankapeza m'buku Chinyanja chosiyana ndi cha amayi ake. Ndondomeko ya 2023, imene inayamba kugwira ntchito mu 2025, inabwezera Chingerezi pa malo oyamba, n'kusiya mpata wakuti mphunzitsi afotokoze m'chinenero cha anawo. Mpata umenewo, aphunzitsi, muugwiritse ntchito mosachita manyazi, makamaka pa phunziro ili. Liwu la Chingerezi mwana aliphunzire, pakuti adzakumana nalo pa mayeso, koma ayambe wakamba nkhaniyo m'chinenero chimene amakanganira ndi anzake pa mpira.

Kodi kutuma kungalowe m'kalasi? Kunalowapo. Pa sukulu ya Kabale ku Mpika, m'zaka za m'ma 1990, mphunzitsi Paul Mumba anatsata njira yotchedwa Child-to-Child. Mwana wa sukulu aliyense ankasankha kamwana kosafika zaka 5, ka kwawo kapena ka anansi, n'kumatsata kakulidwe kake pa khadi la sikelo, ndi kukumbutsa makolo tsiku la ku chipatala. Masamu a magalafu ankaphunziridwa pa makhadi enieniwo. M'kalasi anyamata ndi atsikana ankakhala m'magulu osakaniza, gulu lililonse lili ndi udindo wothandiza amene watsalira. Serpell ndi anzake atawafunafuna anawo atakula, ambiri anasimba kuti m'kalasi imeneyo ndimo anaphunzira kuthandiza ena ndi kulemekezana amuna ndi akazi. Panalibe makina kapena ndalama zambiri. Chikoti nacho sichikanathandiza pa ntchito yotere, ndipo kumbukirani kuti chinaletsedwa m'sukulu mu 2003, lamulo la maphunziro la 2011 n'kutsimikiza.

Zipangizo za phunziro la unzika kuno kwathu zili ponseponse. Sinda ndi Vubwi anakhala maboma paokha mu 2012, ndipo ana angafufuze kwa makolo awo kuti kale chitupa ankakatenga kuti, ulendo wake unali wa maola angati. Pa chisankho cha 2021 boma la Katete linali ndi madera a Mkaika ndi Milanzi, la Sinda linali ndi Sinda ndi Kapoche, ndipo Vubwi linali dera limodzi. Mu 2022 thumba la chitukuko la CDF linakwezedwa kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse, ndipo kalasi ya Giredi 6 ikhoza kulemba kalata yeniyeni kwa khansala kapena ku komiti ya chitukuko ya wadi, yonena za mlatho kapena madesiki, n'kusankha ana awiri okaipereka. Posankha mamonitala, konzani bokosi, voti ikhale yachinsinsi, mavoti awerengedwe poyera, ndipo wogonja agwire chanza cha wopambana. Mwambo wa Kulamba, umene Kalonga Gawa Undi Chivunga anaudzutsanso mu 1984, umasonkhanitsa mafumu a Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique ku Mkaika kumapeto kwa August, ndipo mfumu iliyonse imapereka mitulo ndi kufotokoza za m'dziko lake. Ana ambiri amangokumbukira gule wamkulu ndi malonda. Afunseni chifukwa chimene mfumu yolamula anthu zikwi imayenera kufotokoza ntchito yake pamaso pa wina, ndipo phungu wa ku Nyumba ya Malamulo amafotokoza kwa yani.

Sabata ino ana inu tikutumani. Aliyense apeze munthu wachikulire amene anavota m'masiku a chipani chimodzi, navotanso mu 1991. Mumpatse moni mwaulemu, mukhale pansi, ndipo mumfunse kumene anavotera, chimene chinali pa pepala la voti, ndi zimene anthu ankalankhula pobwerera kumudzi. Musamfunse amene anamvotera, pakuti chimenecho ndi chinsinsi chake. Mubweretse mawu ake monga wanenera, osawonjezera, osachotsa. Inu aphunzitsi, Lachisanu muike mipando mozungulira, mulole aliyense asimbe mpaka kumaliza popanda womdula mawu, ndipo pamene nkhani za ana awiri zasemphana, kalasi ifunse mafunso inu musananene kanthu.